Wokhulupirika kwa Yani? Phunziro Lochokera ku Zomba

Munthu wokwera phiri la Zomba pa msewu wokhotakhota umene uchokera m'tauni amafika pa Ku Chawe, pamene pali nyumba ya alendo yomangidwa m'mphepete mwenimweni mwa phirilo. Akaima pamenepo amaona pansi pake mzinda umene unali likulu la dziko lino kufikira chaka cha 1975, ndipo m'kati mwa mitengo yake muli maofesi akale a Boma, Nyumba ya Malamulo yakale, msika ndi ndende yaikulu.

Kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti 1964, pasanathe miyezi iwiri chilandirire ufulu wodzilamulira, nduna zingapo za Boma loyamba la Malawi zinakwera msewu umenewu ndi kukakhala pansi m'nyumba ya alendoyo kuti zilembe madandaulo awo kwa Nduna Yaikulu, Dr. H. Kamuzu Banda. Chikalata chimene zinalemba chimadziwika ndi dzina lakuti Kuchawe Manifesto. Tsiku limene ankakwera phirilo, anthu amenewa anali omenyera ufulu otamandidwa m'dziko lonse. Pasanathe milungu iwiri anali kutchedwa oukira, adyera ndi achinyengo, ndipo ambiri mwa owatcha maina amenewa anali omwe aja amene ankawaombera m'manja pa misonkhano.

Tsono funso loyenera kufunsidwa ndi lakuti, kodi chinasintha nchiyani m'masiku owerengeka amenewo? Ntchito zimene anthuwa anagwira m'zaka za m'mbuyo sizinasinthe, zabwino ndi zoipa zomwe. Chimene chinasintha ndi malo awo m'chipani. Nkhani imeneyi iyenera kudziwika bwino kwa aphunzitsi ndi antchito a Boma, pakuti chizolowezi choyeza chilungamo cha munthu poyang'ana mbali imene waima sichinathere mu 1964.

LIWU LIMODZI, NTCHITO ZIWIRI

M'Chichewa muli liwu limodzi limene limasenza akatundu awiri. Kalaliki amene asunga ndalama za msonkho osachotsapo ngakhale kobiri amatchedwa wokhulupirika. Munthu amene akakamira mtsogoleri wake pa mtendere ndi pa mavuto pomwe amatchedwanso wokhulupirika. Woyambayo ndi wokhulupirika pa choonadi ndi pa chuma cha eni ake, pamene wachiwiriyo ndi wokhulupirika kwa munthu kapena kwa gulu. Makhalidwe onse awiriwa ndi abwino, ndipo kawirikawiri amapezeka mwa munthu mmodzi, koma si chinthu chimodzi ayi. Munthu angathe kukhala wosaba ndi wosanama, nakhala wotsutsa mtsogoleri wake. Wina angathe kugonja kwa mtsogoleri m'zonse, manja ake ali m'thumba la Boma.

Chipani cha Malawi Congress Party chinali ndi ngodya zinayi zimene mwana aliyense wa sukulu ankaziloweza: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Kukhulupirika kwa pa ngodya zimenezi kunali kwa mtundu wachiwiri uja, kwa chipani ndi kwa mtsogoleri wake. Koma popeza liwulo ndi limodzi, kunali kwapafupi kuti munthu amene wasemphana maganizo ndi mtsogoleri atchedwe wosakhulupirika, ndipo omva atenge kuti ndi wabodza ndi wakuba. Chimodzimodzinso, amene anali womvera ankayesedwa wolungama popanda wofufuza mabuku ake.

Akuluakulu akale anachiona chinthu chimenechi m'midzi, nati khoswe akakhala pamkate sapheka. Wolakwa akakhala wa pabanja, dzanja lokantha limalemera, poopa kuswa mkatewo. M'ndale mkate umenewu ndi chipani, ndipo munthu akangotsika pamkatepo milandu yake yonse, yeniyeni ndi yongopeka yomwe, imakumbukiridwa tsiku limodzi.

ANTHUWO ANALI OTANI

Amene anachotsedwa ndi amene anatula pansi maudindo mu 1964 sanali alendo m'chipani. Bambo Henry Masauko Chipembere ndi Bambo Kanyama Chiume anali m'gulu la achinyamata amene anaumiriza Dr. Banda kuti abwerere kwawo, ndipo iwo anafikadi pa 6 Julayi 1958. Boma la Atsamunda litalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti pa 3 Marichi 1959, a Chipembere ndi Bambo Yatuta Chisiza anatsekeredwa m'ndende ya ku Gwelo pamodzi ndi Dr. Banda. Bambo Orton Chirwa ndiwo anayambitsa Malawi Congress Party mu Seputembala 1959, ndipo Dr. Banda atatulutsidwa pa 1 Epulo 1960 anawatulira utsogoleri wa chipanicho. Mayi Rose Chibambo ndiwo anasonkhanitsa amayi pa nkhondo yolimbana ndi Chitaganya, ndipo nawonso analawa ndende mu 1959.

Mu 1961 khoti linapeza a Chipembere olakwa pa mlandu wolankhula mawu outsa chipolowe, ndipo anakhala m'ndende ya Zomba kufikira Januwale 1963. Pa nthawi imeneyo panalibe wa m'chipani amene ankauyesa mlanduwo chilema. Unali ulemu, ndipo atangotuluka anapatsidwa unduna. Ukali wa pakamwa pawo, umene Atsamunda ankadandaula nawo, anthu a Kongeresi ankautcha kulimba mtima. Ukali womwewo ndi umene unadzatchedwa mwano ndi kudzikuza pamene mwini wake anakhala kunja kwa mpanda.

Komanso pafunika kunena zoona za mbali inayo. Atsogoleri achinyamatawa sanali osadziwa mmene chida chimenechi chimagwirira ntchito. Mu 1958 mtsogoleri wa Nyasaland African Congress, Bambo T.D.T. Banda, amene sanali mbale wa Dr. Banda, anachotsedwa pa mpando pomunena kuti sanayendetse bwino ndalama za bungwelo, ndipo zimenezi zinachitika pa nthawi yeniyeni imene malo anali kukonzedwera mtsogoleri watsopano. Lipoti la Devlin la mu 1959 limatchula kalata imene a Chipembere analembera Dr. Banda asanabwere, yowauza kuti adzalengezedwa kwa anthu monga mpulumutsi, popeza anthu amafuna munthu mmodzi wom'tamanda. M'zaka za 1960 kufikira 1964 otsutsa Kongeresi ankatchedwa ogulitsa dziko, ndipo pa chisankho cha 1964 mipando yonse 50 ya anthu wamba inapita kwa Kongeresi popanda wopikisana nayo. Nduna zimene zinadzadandaula pambuyo pake zinali m'gulu la omanga nyumba imeneyi, ndipo sizinaone cholakwika chilichonse pamene denga lake linali kuzitchinjiriza.

MASIKU AWIRI M'NYUMBA YA MALAMULO

Madandaulo a ndunazo anali odziwika ndipo anali okhudza kayendetsedwe ka dziko. Zinkati Azungu akuchedwa kuchoka m'maudindo akuluakulu a Boma. Zinkakana lipoti la Skinner, limene antchito a Boma Achimalawi anaona kuti likuwapondereza pa malipiro. Zinkakana kuti wodwala azilipira tiki, ndiye kuti makobiri atatu, pa chipatala cha Boma. Sizinkakondwa ndi ubale wa Dr. Banda ndi Apwitikizi a ku Mozambique, ndipo zinkafuna kuti Malawi avomereze Boma la ku Peking. Pamwamba pa zonsezi zinkadandaula kuti Nduna Yaikulu yadziunjikira maunduna ambiri, ndi kuti imazitcha anyamata ake pamaso pa anthu.

Pa 7 Seputembala 1964 a Chirwa, a Chiume, Bambo Augustine Bwanausi ndi Mayi Chibambo anachotsedwa m'maudindo awo. A Chisiza, Bambo Willie Chokani ndi Bambo John Msonthi anatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawowo, ngakhale kuti a Msonthi anabweza maganizo awo posachedwa. A Chipembere, amene anali nduna ya maphunziro, anali ku Canada pa msonkhano, ndipo atabwerera nawonso anatula pansi udindo.

Nyumba ya Malamulo inakumana mu Zomba pa 8 ndi pa 9 Seputembala kuti inene ngati ikukhulupirirabe Nduna Yaikulu. Chimene owerenga ayenera kuchionetsetsa ndi mmene nkhani inatembenukira m'masiku awiriwo. Inalowa m'Nyumbayo ili nkhani ya tiki, ya malipiro ndi ya maiko akunja, koma inatuluka ili nkhani ya mitima ya anthu. Dr. Banda ananena kuti ndunazo zinawapangira chiwembu chifukwa chofuna mphamvu, kuti kazembe wa dziko la China ku Dar es Salaam ndiye anali kuzisonkhezera, ndi kuti thandizo la mapaundi 18 miliyoni limene linalonjezedwa linali ngati chiphuphu. Aphungu ambiri anaimirira motsatizana kutsimikiza kukhulupirika kwawo ndi kudzudzula anzawo a dzulo. Ndunazo poyankha zinati sizinaukire munthu, koma zinangonena zimene anthu akulira nazo, ndipo a Chipembere anakumbutsa Nyumbayo kuti anthu amene akutchedwa oukirawo ndi omwe anavutikira ufulu. Pamapeto pake Nyumbayo inapereka chikhulupiriro chake kwa Nduna Yaikulu popanda wotsutsa.

Palibe khoti limene linazengapo mlandu wa chiphuphu cha ku China. Komabe m'zaka pafupifupi 30 zotsatira, mwana wobadwira m'dziko lino ankakula akumva kuti anthu amenewa anali zigawenga, ndipo kutchula maina awo mwaulemu kunali kudziputira tsoka.

ANTCHITO A BOMA A MU ZOMBA

Mzinda wa Zomba unali wa akalaliki, omasulira, osindikiza mabuku a Boma, aphunzitsi ndi amesenjala, ndipo ambiri mwa iwo anaima ndi nduna zochotsedwazo. Kumapeto kwa Seputembala 1964 kunabuka ndewu m'misewu ya mzindawu pakati pa antchito a Boma ndi achinyamata a chipani amene anabwera nawo kuchokera kwina, kotero kuti ntchito m'maofesi inaima kwa masiku angapo. Bwanamkubwa, Sir Glyn Jones, anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo koma sizinatheke.

Kungakhale kosangalatsa kwa antchito a Boma a lero kuganiza kuti anzawo a nthawi imeneyo anaona choonadi pamene ena onse anali m'tulo. Koma chilungamo chifuna kuti muyeso womwewo uikidwenso pa iwo. Ndunazo zinkalankhula za malipiro awo ndi za maudindo amene iwo ankayembekezera kulandira Azungu akachoka, tsono kuzikhulupirira kunali kwapafupi. Anthu a m'boma la Fort Johnston, limene lero ndi Mangochi, anakhulupirira a Chipembere popeza anali mwana wawo. Nthambi zambiri za chipani m'midzi, makamaka m'chigawo cha pakati, zinakhulupirira Dr. Banda popeza kwa iwo Kamuzu ndiye anaphwanya Chitaganya. Aliyense anayamba wasankha mbali, ndipo pambuyo pake ndi pamene anapeza zifukwa zoyesera munthu wa mbali yake wolungama.

Mapeto ake anali owawa. Ndunazo zinathawira kunja kwa dziko. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 a Chipembere ndi anthu awo pafupifupi 200 anathira nkhondo boma la Fort Johnston nalunjika ku Zomba, koma pa Liwonde anapeza chombo chowolotsa magalimoto chili tsidya lina la Shire, ndipo ulendowo unathera pomwepo. Iwo anamwalira ku America mu 1975. A Chisiza anaphedwa mu Okutobala 1967 atalowa m'dziko ndi gulu la zida. Antchito a Boma ndi aphunzitsi ambiri anachotsedwa ntchito kapena kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Kwa a chipani, kunyamula zida kwa 1965 ndi 1967 kunatsimikiza zonse zimene zinanenedwa m'Nyumba ya Malamulo. Kwa okonda ndunazo, kunali kuchita kwa anthu amene makomo ena onse anatsekedwa pamaso pawo. Mfundo zake ndi zomwezo, koma owerenga ake ndi awiri.

CHAONA MNZAKO CHAPITA

Muyeso umene uyeza munthu ndi kumvera kwake suteteza ngakhale amene augwira, ndipo mbiri ya ndende za mu Zomba ndi umboni wake.

Bambo Albert Muwalo Nqumayo anakwera kufikira pa udindo wa mlembi wamkulu wa chipani, ndipo dzina lawo linali loopedwa pa nkhani zotsekera anthu. Anamangidwa mu 1976 pa mlandu woukira Boma, nanyongedwa m'ndende ya Zomba mu 1977. Nkhanza zimene anthu ankaopa kuzitchula iwo ali pa udindo zinayamba kunenedwa poyera atagwa, ngati kuti zadziwika tsiku lomwelo. Bambo Aleke Banda, amene anaima nji ndi Dr. Banda mu 1964, anatsekeredwa kuyambira 1980 kufikira 1992, ndipo ndende ya Mikuyu, kufupi ndi Zomba, anaidziwa bwino. Bambo Gwanda Chakuamba, amene anatsogolerapo Apayoniya, anaweruzidwa kuti akhale m'ndende zaka 22. Atatuluka mu 1993 anabwerera ku chipani chomwe chinawamanga, nakhala wachiwiri kwa Dr. Banda pa chisankho cha 1994. Munthu mmodzi yemweyo anayesedwa wokhulupirika, kenaka woukira, kenaka wokhulupirikanso, ndipo oyesa ake anali omwewo.

Mu Meyi 1983, Nyumba ya Malamulo itangotseka zokambirana zake mu Zomba, nduna zitatu, Bambo Dick Matenje, amene analinso mlembi wamkulu wa chipani, Bambo Aaron Gadama ndi Bambo Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu, Bambo David Chiwanga, anagwidwa ndi apolisi, ndipo mitembo yawo inapezeka ku Thambani m'boma la Mwanza. Dziko linauzidwa kuti anafa pa ngozi ya galimoto pothawa. Chaka chomwecho a Orton Chirwa ndi akazi awo, Mayi Vera Chirwa, amene anagwidwa mu Disembala 1981, anaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo chilangocho chinasinthidwa pambuyo pake kukhala ndende ya moyo wonse. Munthu amene anayambitsa chipani cholamula anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992.

NKHANI YA MAPAUNDI 6

Wina angayese kuti chizolowezi chimenechi chinali cha nthawi ya chipani chimodzi basi. Chisankho choyamba cha zipani zambiri chinasonyeza kuti sichoncho.

Mu 1968 Bambo Bakili Muluzi, ali kalaliki m'Boma, anapezeka olakwa pa mlandu wa ndalama zokwana mapaundi 6. Mlandu umenewu sunawaletse kukwera m'chipani cha Kongeresi, pakuti anakhala phungu, nduna, ndiponso mlembi wamkulu wa chipanicho. M'zaka zonse zimenezo panalibe wa m'chipani amene anaimirira pa msonkhano kunena za mapaundi 6. Koma pamene anatsogolera chipani cha United Democratic Front pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, mlandu uja unafukulidwa, nukhala m'kamwa mwa omwe aja amene anaukhalira chete zaka zambiri. Mlandu suola, koma uwu unadikira kufikira mwini wake atasintha mbali.

Nawonso a chipani chatsopanocho anachita zofanana nazo mobwezera. Iwo amene ankawerenga mokweza zolakwa zonse za ulamuliro wakale anati nkhani ya mapaundi 6 ndi yaing'ono ndi yakalekale, ndipo sanafune kufunsa mtsogoleri wawo za zaka zimene anakhala pa mpando wa mlembi wamkulu wa chipani chimene ankachidzudzulacho. Zotsatira za chisankhocho zinatsata mapu a dziko: a Muluzi anapambana ndi mavoti pafupifupi 47 pa 100 alionse, makamaka a kumwera, Dr. Banda anapeza pafupifupi 33, makamaka a pakati. Ndipo Bambo Chakufwa Chihana anapeza pafupifupi 19, makamaka a kumpoto. Nkovuta kukhulupirira kuti anthu a chigawo chimodzi anabadwa okhululuka ndipo a chigawo china anabadwa osunga mangawa. Kulemera kwa mapaundi 6 kunkasintha malinga ndi kumene munthu akuchokera ndi chipani chimene wachikonda.

Zaka zitapita, a Muluzi anazengedwa mlandu wina wokhudza ndalama zokwana K1.7 biliyoni, umene unakhala m'khoti zaka zoposa 10 ndipo Boma linausiya mu 2023 usanafike pa chigamulo. Pa mlandu umenewunso anthu ambiri a mbali zonse anali atagamula kale m'mitima mwawo khoti lisanamve mboni.

MAINA PA MISEWU

Boma litasintha mu 1994, mbiri inayamba kuwerengedwa kuchokera kumbali ina. A Chiume anabwerera kwawo patatha zaka 30. Msewu waukulu wa mu Blantyre umene unkatchedwa Kamuzu Highway unapatsidwa dzina la Masauko Chipembere, ndipo dzina la Kamuzu linachotsedwa pa bwalo la masewero la mu Blantyre ndi pa bwalo la ndege la ku Lilongwe. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Mtegha linapeza kuti anthu anayi a ku Mwanza aja anachita kuphedwa ndi apolisi. Dr. Banda, Bambo John Tembo ndi ena anazengedwa mlandu, ndipo mu Disembala 1995 khoti linawapeza osalakwa. Mu Januwale 1996 Dr. Banda anapereka mawu opepesa kwa onse amene anazunzika m'dzina lawo.

Apanso anthu anagawikana monga mwa zipani zawo. Okonda Kongeresi anagwira chigamulo cha khoti naiwala lipoti la Mtegha, pamene odana nayo anagwira lipotilo nanyoza chigamulocho. Koma zikalata ziwirizi sizitsutsana. China chikunena kuti anthu anaphedwa ndi antchito a Boma, ndipo chinzake chikunena kuti umboni umene unaperekedwa sunakwanire kumanga oimbidwa mlanduwo. Munthu wofuna choonadi ayenera kunyamula zonse ziwiri, ngakhale kuti chimodzi chimamulemera.

Kenaka mphepo inatembenukanso. Boma la Dr. Bingu wa Mutharika linabwezera dzina la Kamuzu pa mabwalo aja, ndipo mu 2006 linatsegula chiliza chachikulu pa manda awo ku Lilongwe. Dr. Banda anali atamwalira mu Novembala 1997, tsono sanawonjezerepo kapena kuchotsapo kanthu pa ntchito zawo. Misewu, sukulu ndi zipatala zimene anamanga zinalipo mu 1994 pamene dzina lawo linkafufutidwa, ndipo Mikuyu inalipo mu 2006 pamene linkalemekezedwa.

UDINDO WA MPHUNZITSI NDI KALALIKI

Kukonda chipani si tchimo. Popanda anthu okakamira pa chinthu chimodzi Chitaganya sichikanatha mu 1963, ndipo popanda anthu olimba mtima chimodzimodzi mavoti a pa 14 Juni 1993 sakanabweretsa zipani zambiri. Si kulakwanso kukhululukira mtsogoleri amene analakwa kale, pakuti munthu amasintha, ndipo dziko losakhululuka likanasowa olitsogolera. Choipa ndi kukhala ndi miyeso iwiri m'nyumba imodzi, waukulu woyezera mlendo ndi waung'ono woyezera mbale. Zimakomera mbuzi kugunda galu, koma galu akabwezera mudzi wonse umatola miyala.

Munthu wophunzira angathe kudziyesa yekha ndi mafunso osavuta. Akamva mlandu wa mtsogoleri, adzifunse ngati akanauweruza chimodzimodzi ukanakhala wa mtsogoleri wa chipani china. Afunse kuti mlanduwo unadziwika liti, ndipo amene akuufuula lero anali kuti pamene unkachitika. Asiyanitse chimene khoti kapena bungwe lofufuza linapeza ndi chimene chinangonenedwa pa msonkhano. Ndipo akamva liwu lakuti wosakhulupirika, afunse msanga kuti, wosakhulupirika pa chiyani, kapena kwa yani?

Kwa wantchito wa Boma nkhani imeneyi ndi ya tsiku ndi tsiku. Maboma amasintha koma mafayilo amatsala, ndipo fayilo yolembedwa mokondera amene ali pa mpando lero idzakhala bodza m'manja mwa amene adzaitsegule mawa. Kalaliki amene abisa cholakwa cha nduna chifukwa ndi ya chipani chake, ndi mnzake amene afukula cholakwa chomwecho pokhapokha ndunayo itagwa, onse awiri atumikira chipani, ndipo palibe mwa iwo amene watumikira dziko.

Kwa mphunzitsi udindowu ndi wolemera koposa, popeza ana amalandira mbiri monga mmene aipatsidwira. Amene anaphunzira chaka cha 1994 chisanafike anauzidwa kuti nduna za 1964 zinali zigawenga zokhazokha, ndipo amene anaphunzira pambuyo pake angathe kuuzidwa kuti zinali zopanda banga. Zonse ziwiri ndi theka la nkhani. Zimene aphungu analankhula pa 8 ndi pa 9 Seputembala 1964 zinalembedwa m'buku la zokambirana za Nyumba ya Malamulo, ndipo nyumba yosungira zolembedwa zakale za Boma, ya National Archives, ili mu Zomba momwemo, kunsi kwa phiri limene ndunazo zinakwera. Mphunzitsi amene auza ana zimene mbali iliyonse inanena, ndi zimene mbali iliyonse inachita isanakhale yodandaula, wawapatsa chida chimene adzachigwiritse ntchito pa chisankho chilichonse cha moyo wawo.

Mu 2012 banki yaikulu ya dziko lino inatulutsa ndalama zatsopano za mapepala. Pa K1,000 panaikidwa nkhope ya Dr. Banda, ndipo pa K200 panaikidwa nkhope ya Mayi Rose Chibambo, amene anachotsedwa pa udindo pa 7 Seputembala 1964 nakhala zaka zambiri kunja kwa dziko. Iwo anakhala ndi moyo kufikira 2016, kotero kuti anaiona ndalamayo ndi maso awo. Wogulitsa mbatata pa msika wa Zomba analandira mapepala onse awiriwo, nawapinda pamodzi pa mfundo ya chitenje chake, ndipo lililonse linagula monga mwa mtengo umene unalembedwapo.